Tagula makina atsopano koma mipando ikutuluka yomweyo, za economics zija zimagwiradi ntchito mufakitale?

Kamtedza92
Abale ndithandizeni, pali chinthu chikundizunguza mutu. Ndikuphunzira production engineering ndipo pano ndili pa attachment pa fakitale ina yopanga mipando yachitsulo. Mkalasi ya economics tinaloweza kuti zofunika popanga katundu ndi zinayi, malo, antchito, mpamba ndi mwini bizinesi amene amaziphatikiza, ndipo anatiuza kuti ukaonjezera mpamba katundu amachuluka. Nde kuno abwana agula makina atsopano odulira mapaipi, akale ankadula mapaipi a mipando 200 pa shifiti, awawa akutha kudula a mipando 600. Papita miyezi iwiri koma mipando yotuluka pageti ndi yomweyo, 180 patsiku, masiku ena 170. Chomwe chachuluka ndi milu ya mapaipi odula, yadzaza mpaka mnjira ndipo ena ayamba kuchita dzimbiri. Kodi za mmabuku zija ndi zabodza kapena ndine sindinamve bwino?

Nyundo
Yankho lili mmanambala ako omwewo mphwanga. Akale ankadula 200, inu mukutulutsa 180. Kudula sikunali vuto chiyambire.

Giya5
Za mkalasi zimathera mkalasi momwemo. Ine zaka zonsezi pamakina sindinaonepo economics ikumanga bawuti olo imodzi.

MphunzitsiWakale
A Giya5 musafulumire kuweruza. Economics sinanenepo kuti ukaonjezera chinthu chimodzi katundu azingochuluka mpaka kalekale, imanena zosiyana ndi zimenezo. Lamulo lake ndi loti ukamaonjezera chimodzi zinazo zili chikhalire, phindu la chomwe waonjezeracho limanka licheperachepera. David Ricardo analifotokoza mu 1817 pa nkhani ya ulimi, munda womwewo ukamangothiramo antchito, woyamba ndi wachiwiri akuthandiza kwambiri koma wa nambala 20 angoponda mbewu. Iwe Kamtedza mufakitale yanu mwaonjezera mpamba pa gawo limodzi, owotcherera ndi omwewo, openta ndi omwewo, denga ndi lomwelo. Ndiye zomwe ukuonazo ndi economics yeniyeniyo, kungoti mwina aphunzitsi anu anathamanga pa chaputala chimenecho.

MayiWaMabuku
Pepani ndifunse, mukati mpamba mukunena makina kapena ndalama? Ine ndimagwira za maakaunti ndipo kwa ife mpamba ndi ndalama zomwe mwini waika mubizinesi.

MphunzitsiWakale
Funso labwino mayi, ophunzira ambiri amagwera pamenepo pa mayeso. Kwa a economics mpamba ndi zinthu zomwe anthu anapanga kuti azipangira zinthu zina, makina, nyumba ya fakitale, zida, magalimoto onyamulira katundu. Ndalama payokha siidula paipi, imangokuthandiza kugula chodulira. Ndipo chilichonse mwa zinayizo chili ndi malipiro ake, malo amalandira lendi, wantchito salale, mpamba chiwongoladzanja, mwini bizinesi phindu.

MayiWaMabuku
Chabwino ndamva, koma ndiye mbali yanga ndinene chonchi, milu ya mapaipi yomwe mwanayu akunenayo ndi ndalama zomwe zagona pansi. Chitsulo chinagulidwa, magetsi odulira analipiridwa, wodula analandira zake, koma palibe kasitomala amene angagule paipi yodula, amafuna mpando. Ngati makinawo anagulidwa pa ngongole ndiye kuti banki ikuwerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku pomwe katundu akuchita dzimbiri mnjira. Mmabuku mwathu zimaoneka ngati chuma cha kampani chakwera chifukwa sitoko yachuluka, koma kumapeto kwa mwezi ndalama yolipira anthu imasowa, ndinazionapo zimenezi ndipo zimapweteka.

Sipanala
Ndagwira ntchito ya uinjiniya wa production zaka zambiri, ndiloleni ndilankhule motalikirapo. Kusiyana kwa wa economics ndi injiniya ndi koti wa economics amaiona fakitale ali kunja kwa mpanda, amawerenga zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Charles Cobb ndi Paul Douglas mu 1928 anatenga manambala a mafakitale a ku America kuyambira 1899 mpaka 1922 napeza fomula yoonetsa kuti pa katundu yense wotuluka antchito amakoka gawo la pafupifupi 0.75 ndipo mpamba 0.25. Mufomula imeneyo ukhoza kuchepetsa antchito nkuonjezera makina katundu nkutuluka yemweyo, ndipo pa dziko lonse kwa zaka zambiri zimenezo ndi zoona. Koma mkati mwa mpanda Lolemba mmawa sizikhala choncho. Mpando umadutsa podula, popinda, powotcherera, popenta, pomangirira thabwa, motsatana, ndipo mzere wonsewo umayenda pa liwiro la gawo lomwe likutsamwa. Gawo limenelo likamatulutsa 180, olo mutagula makina odula 6,000 pageti padzatuluka 180 basi. Ntchito yathu ife ndi kupeza pomwe pakutsamwapo tisanauze abwana choti agule. Nde Kamtedza funso langa kwa iwe, mulu waukulu kwambiri wa katundu wosamalizidwa uli kutsogolo kwa gawo liti? Ndipo ndani amene sapuma tsiku lonse pomwe anzake akumudikira?

Kamtedza92
Mulu waukulu ndi wa mapaipi, uli pafupi ndi owotcherera. Ndiye ndi welding eti?

Nyundo
Ndi welding imeneyo, nthawi zonse imakhala welding.

Sipanala
Mwina, koma usalumbire. Makina atsopanowo akusanza mapaipi ambiri moti mulu ukhalapo ndithu kaya owotcherera akuthamanga kaya ayi. Tenga wotchi ukayeze gawo lililonse masiku atatu kenako ubwere utiuze.

Kadzidzi
Nkhani ya wotchi ndi yomwe ine imandinyansa. Mumayamba ndi kuyeza, mapeto ake munthu akumuwerengera mpaka mamineti opita kuchimbudzi. Pa kampani ina yomwe ndinkagwira anabwera anyamata ndi mawotchi ndi mapepala, anaima kumbuyo kwathu sabata yathunthu osatipatsa ndi moni yemwe, mwezi wotsatira target inakwera salale ili pomwepo. Mukamati antchito ndi chimodzi mwa zinthu zinayi mumamuika munthu pa mndandanda umodzi ndi chitsulo ndi dothi. Chitsulo sichimva msana, sichikhala ndi mwana wodwala kunyumba.

Giya5
Apa a Kadzidzi mwalasa. Munthu si sipeya.

MphunzitsiWakale
Dandaulo limeneli ndi lakale ndipo lili ndi maziko. Frederick Taylor amene anatchukitsa za wotchizi analemba mu 1911 za anthu onyamula zitsulo ku Bethlehem Steel, akuti anakweza katundu wonyamula munthu mmodzi patsiku kuchoka pa matani 12.5 kufika pa 47.5. Malipiro anachoka pa $1.15 kufika pa $1.85. Taonani nokha, ntchito inachuluka pafupifupi kanayi, ndalama sinafike ndi kawiri komwe. Karl Marx anali atanena kale mu 1867 kuti phindu la mwini fakitale limachokera pa thukuta la wantchito lomwe salipidwa. Munthu ukhoza kutsutsana naye Marx pa zambiri koma funso loti zomwe zaonjezekazo adye ndani silinathe mpaka lero.

Sipanala
A Kadzidzi sindikutsutsani, zomwe anakuchitanizo ndi zolakwika ndipo ainjiniya otero alipo. Koma taonani nkhani ya Henry Ford, wopanga magalimoto wa ku America. Mu 1913 ku Highland Park anayambitsa mzere woyenda womangira magalimoto, nthawi yomanga chasisi ya galimoto ya Model T inatsika kuchoka pa maola 12 ndi theka kufika pa mamineti 93. Pa pepala zinali zokoma. Koma anthu ankathawa ntchitoyo, chaka chimenecho chiwerengero cha osiya ntchito chinafika 370 peresenti, kutanthauza kuti malo amodzi ankalembapo anthu atatu kapena anayi pachaka ndipo aliyense kumuphunzitsa kuyambira pachiyambi. Mu January 1914 Ford anakweza malipiro kufika $5 patsiku, kuposa kawiri zomwe ankalipira. Sikuti anagwidwa chifundo chokha ayi, anaona kuti mzere wake sungayende popanda anthu okhazikika. Nchifukwa chake ine ndikamayeza ndimayamba ndauza munthu chomwe ndikuyeza, ndipo chomwe ndimafuna kudziwa ndi nthawi yomwe akutaya podikira, pofunafuna chida, ponyamula katundu mtunda wautali, osati kuti manja ake azithamanga kuposa mmene akuchitira.

Kadzidzi
Inuyo mwina mumatero. Koma lipoti lanu likafika muofesi amawerenga mzere umodzi wokha, woti anthu angathe kupanga zambiri.

Sipanala
Zimachitikadi zimenezo, sindikana.

Nthambi_ya_AI
Komatu zonsezi zatsala pang'ono kutha. Maloboti akubwera, antchito achoka pa mndandandawo mutsala ndi zitatu. Ndipo ine ndimaona kuti data ndi chinthu chachisanu, mabuku anu akufunika kulembedwanso.

Giya5
Loboti ikafa amakonza ndani?

Nyundo
Ndipo loboti yowotcherera imafuna paipi iliyonse ikhale ndendende, ikasiyana pang'ono imawotcherera mphepo. Munthu amaona ndi maso nkukonza pomwepo.

Nthambi_ya_AI
Zimenezo ndi za pano, pakatha zaka khumi mudzandiuza.

MphunzitsiWakale
Loboti ndi mpamba basi, ndi makina omwe anthu anapanga. Koma pa mfundo ya chachisanuyo a Nthambi simunasochere kwenikweni. Poyamba zinali zitatu, malo, antchito ndi mpamba. Jean-Baptiste Say anakweza nkhani ya mwini bizinesi, ndipo Alfred Marshall mu 1890 anati kayendetsedwe ka ntchito nakonso kawerengedwe pakokha. Kenako Robert Solow mu 1957 anaunika chuma cha America kuyambira 1909 mpaka 1949 napeza kuti pa kukwera kwa zomwe munthu amapanga pa ola, gawo limodzi lokha mwa magawo 8 ndi lomwe linabwera chifukwa choonjezera mpamba. Magawo 7 otsalawo anachokera ku luso ndi njira zatsopano zogwirira ntchito. Kwa ine pamenepa ndi pomwe economics imapatsana moni ndi production engineering, chifukwa chotsala chachikulucho ndi munda womwe a Sipanala amalima tsiku ndi tsiku. Olo Adam Smith yemwe mu 1776 chitsanzo chake chotchuka ndi cha mufakitale, anthu 10 opanga mapini 48,000 patsiku chifukwa chogawana ntchito mmagawo pafupifupi 18, pomwe mmodzi payekha sakanafika ndi 20 omwe. Anthu ake omwewo, waya wake yemweyo, chinasintha ndi kakonzedwe.

Chitsulo_Chamoto
Ndiponyeko chitsanzo chomwe chimandigwira mtima. Ku Fremont, California kunali fakitale ya General Motors yomwe inatsekedwa mu 1982, inkadziwika ndi magalimoto osalongosoka, kujomba ndi kunyanyala ntchito. Mu 1984 inatsegulidwanso pa dzina la NUMMI mogwirizana ndi Toyota, ndipo ambiri mwa omwe analembedwa anali antchito akale omwe aja. Malo omwewo, anthu omwewo, koma posakhalitsa magalimoto ake anali mgulu la abwino kwambiri mu General Motors yonse. Chimodzi mwa zomwe zinasintha ndi choti wantchito anapatsidwa chingwe choti akaona cholakwika akoke, athandizidwe pomwepo olo mzere uime, mmalo mobisa vuto kuti galimoto idutse. Nde a Kadzidzi onani kuti pali njira yomuonera wantchito ngati mutu woganiza osati manja okha. Ndipo Taiichi Ohno wa ku Toyota pa mitundu 7 ya kuwononga yomwe anaitchula, ankati yoipitsitsa ndi kupanga zochuluka kuposa zomwe gawo lotsatira likufuna, chifukwa imabereka zinazo. Ndi zomwe zikuchitika kwa Kamtedza ndendende.

Kadzidzi
Ya chingweyo ndaikonda. Kwathu kuja ukaimitsa makina umaitanidwa ku ofesi.

MayiWaMabuku
Tabwererani kwa mwanayu abale, mwafika ku maloboti ndi ku California iye akudikira. Ine ndikufuna ndimve za malo, chifukwa palibe amene wazitchula. Mufakitale ya mipando malo akubwera pati, poti salima?

Sipanala
Malo mu economics ndi zonse zomwe chilengedwe chinapereka, miyala yomwe amasungunula kupanga chitsulo, madzi, malasha kapena mtsinje womwe ukupukusa magetsi, komanso pansi pomwe fakitale yakhala. Kwa injiniya pansipo ndi chuma chenicheni. Sikweya mita iliyonse yomwe yadzaza mapaipi odikira ndi malo omwe mukulipira lendi koma sakubala kanthu, ndipo munthu wonyamula mafelemu akuzungulira mulu mmalo modutsa molunjika, mwina masitepe 40 oonjezera ulendo uliwonse, kachulukitseni ndi maulendo a tsiku lonse. Taonani mmene makina amodzi alumira zonse, adya malo, atopetsa antchito, agoneka mpamba. Ife mufakitale sitinena zinayi za economics zija, timanena man, machine, material, method (munthu, makina, zipangizo, njira yogwirira ntchito), zomwe zimalembedwa pa chithunzi cha minga ya nsomba cha Kaoru Ishikawa pofufuza gwero la vuto. Ukaziyang'anitsitsa ndi abale omwewo, kungoti ife tinaika method poyera chifukwa ndi yomwe tingaisinthe mawa mmawa osapempha ngongole.

Giya5
Chabwino ndavomera pang'ono. Koma abwana ogula makina osafunsa anthu apansi ndiye vuto lenileni. Walira mvula walira matope.

Nyundo
Ogulitsa makina amabwera ndi kabuku kokongola ndi vidiyo, owotcherera alibe kabuku.

MphunzitsiWakale
Nchifukwa chake chachinayi chija chimalipidwa phindu, ndi amene amasankha ndipo akalakwitsa amaluza ndi iye. Komanso si abwana anu okha. Magetsi atafika mmafakitale kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, eni ake ambiri anangochotsa injini ya nthunzi nkuikapo mota imodzi yaikulu, shafiti ndi malamba zili momwemo, ndipo phindu silinaoneke kwenikweni. Linadzaoneka cha m'ma 1920 atayamba kuika mota yaing'ono pa makina aliwonse nkuyala makinawo motsatira mmene katundu akuyendera. Chida chatsopano chimafuna kuti nyumba yonse ikonzedwenso.

Kamtedza92
Ndabwera abale, pepani ndinasowa, ndimayeza monga a Sipanala ananenera. Ndinayamba ndawafotokozera anthu chomwe ndikuchita ndipo sanavute. Si welding! Owotcherera alipo 4, felemu imodzi imawatengera mamineti 8, pa mamineti 450 ogwira ntchito angathe kupanga 225 kapena kuchepera pang'ono, ndipo masana ndinawaona akukhala pansi chifukwa kulibe koika mafelemu. Vuto ndi uvuni yowumitsira penti. Imalowa mipando 30 ulendo umodzi, ndipo ulendo umodzi ukutenga mamineti 70. Pa shifiti ndi maulendo 6, nde 6 kuchulukitsa ndi 30 ndi 180 yomwe ija, nditawerenga thupi linachita tsemwe. Koma chomwe chandidabwitsa ndi ichi, pa mamineti 70 aja penti imapsa mamineti 40 okha. Enawo 30 chitseko chimakhala chotsegula, trolley ndi imodzi yokha, ndiye amaitulutsa, kudikira izizire pang'ono, kutsitsa mipando umodziumodzi atavala magolovesi, kupachika ina, kuibweza, uvuni nayo yazizira iyambirenso kutentha. Bambo amene amayendetsa uvuniyo anandiuza kuti anapempha trolley yachiwiri kalekale koma palibe anawayankha.

Nyundo
Ndinalakwitsa, ndimati welding. Wachita bwino kuyeza.

Sipanala
Wagwira ntchito mphwanga. Tsopano werenga, trolley yachiwiri ikhale yopachikidwa kale pakhomo, ina ikutuluka ina ikulowa, ulendo ukhoza kutsika kufika mamineti 50. Pa 450 ndi maulendo 9, mipando 270. Koma simufika 270, mukaima pa 225 chifukwa kutsamwa kusamukira kwa owotcherera, ndipo ukatero uyambirenso kuyeza kumeneko. Nanga masiku a 170 aja unapeza chifukwa chake?

Kamtedza92
Eya ndinaiwala. Ndi mipando yobwerera. Penti ikumatuka pa mafelemu ena, amati ndi omwe apangidwa ndi mapaipi a pansi pa mulu omwe achita dzimbiri, nde amaipala nkuilowetsanso mu uvuni, ikudya malo a mipando yatsopano.

Chitsulo_Chamoto
Mwaona? Makina atsopano atsitsa production mmalo moikweza. Auzeni azidula zokwana tsiku limenelo basi kenako azizimitsa, wodulayo akathandize kupachika mipando ku uvuni.

MayiWaMabuku
Koma tiwachitire chilungamo abwanawo. Mukafika 225 ndiye kuti makina akale a 200 aja akanakutsamwitsani, apa atsopanowa ayamba kugwira ntchito yake. Sanagule chinthu chachabe, anangoyambira kumchira. Ndipo ukamakawauza usakayambe ndi zoti analakwitsa, ukawaonetse kuti mipando 45 yoonjezera patsiku ikubisala kuseri kwa trolley imodzi yomwe owotcherera anu omwe angaipange ndi mapaipi ali mnjirawo.

Kadzidzi
Ndipo dzina la bambo a ku uvuniwo likakhale pa pepalalo. Nzeruyo ndi yawo, anainena kale. Mipando ikachuluka anthu akaoneko kanthu, osangoti target yakwera.

Kamtedza92
Ndikalemba dzina lawo pamwamba penipeni. Koma ine ndi wa attachment chabe, ndikapereke kwa abwana mwachindunji kapena ndidzere kwa supavaiza?

Sipanala
Dzera kwa supavaiza, ndipo mupite limodzi ndi bambo a ku uvuniwo. Pepala likhale limodzi, manambala a masiku atatu aja ndi chithunzi cha trolley. Koma usanapite kaonenso zinthu ziwiri, ngati pakhomo pa uvuni pali malo oti trolley ziwiri zipatukirane, komanso ngati opopera penti angakwanitse mipando 30 pa mamineti 50 aliwonse, chifukwa ngati sangathe trolley yachiwiriyo izingoima yopanda kanthu.

Kamtedza92
Za opopera penti sindinayeze. Mawa ndili shifiti ya mmawa, ndinyamula wotchi ndi tepi.